PHUNZIRO LA MWEZI UNO: MSIKA WA MAKINA OPENYERA MTIMA

Mwezi uno tiphunzira za msika wina umene ambiri a ife sitinaupondepo, koma zocitika zace zimatifika kufikira kumudzi. Pa msika uwu sagulitsa cimanga, kapena nsomba, kapena nsaru. Agulitsa makina amene dotolo apenya nao m'kati mwa cifuwa ca munthu wamoyo, osamng'amba, kuti aone ngati mtima wace uli bwino kapena uli kudwala. Ogula ndiwo maboma ndi zipatala. Ogulitsa ndiwo makampani owerengeka a ku maiko akutali. Koma mwini nkhani weniweni ndiye wodwala, pakuti zimene apangana awiriwo ndizo ziweruza ngati nthenda yace idzaoneka msanga, kapena idzadziwika mocedwa, mankhwala atalephera kale. Cifukwa cace kuyenera ife kuudziwa msikawu, ndi kuzindikira makina amene tiwasowa koposa.

1. Za mtima ndi nthenda zace

Mtima ndiwo mnofu wa ukuru wonga nkhonya ya mwini wace. M'kati mwace muli zipinda zinai, ziwiri pamwamba ndi ziwiri pansi, ndiponso zitseko zinai zimene zitsegukira mbali imodzi yokha, kuti mwazi upite m'tsogolo osabwerera. Mnofu umenewu ugunda pafupifupi ka 100,000 tsiku limodzi, usana ndi usiku, osapumula. Ndipo uli nayo mitsempha yaceyace yaing'ono imene iudyetsa.

Nthenda zazikuru za mtima tingazigawe patatu. Yoyamba ndiyo ya mitsempha ija yodyetsa mtima, pamene icepa ndi kutsekeka ndi mafuta, monga ngalande itsekeka ndi matope. Yaciwiri ndiyo ya mnofu umene, pamene ulema kapena kukhuthala, kawirikawiri cifukwa ca kuthamanga kwa mwazi kwa zaka zambiri. Yacitatu ndiyo ya zitseko, pamene ziuma kapena kudontha. Sungani bwino magawo atatuwa, pakuti nthenda iri yonse ifuna makina ace oipenyera, ndipo mitengo ya makinawo isiyana kutali.

Bungwe loyang'anira za umoyo pa dziko lonse, la WHO, linawerenga kuti m'caka ca 2019 anthu pafupifupi mamiliyoni 17.9 anafa ndi nthenda za mtima ndi za mitsempha ya mwazi; ndiko kunena pafupifupi mmodzi mwa anthu atatu ali onse amene anamwalira caka cimeneco. Ndipo oposa atatu mwa anai a iwo anali a m'maiko osauka ndi a cuma capakati. Tsono si zoona kuti iyi ndi nthenda ya olemera okha.

2. M'mene makinawa anadzera

Kale dotolo analibe cina koma khutu lace. M'caka ca 1816 René Laennec wa ku Paris anapinda pepala ngati bango, naika mbali imodzi pa cifuwa ca wodwala ndi yina pa khutu lace. Umo ndimo munacokera stethoscope, kacipangizo kaja madotolo akoloweka m'khosi. Koma khutu limva zina, ndipo zina liphonya.

M'caka ca 1895 Wilhelm Röntgen wa ku Würzburg, m'dziko la Germany, anapeza kuwala kosaoneka ndi maso kumene kupyola mnofu, ndiko X-ray. Munthuyu anakana kulembetsa nzeruyo kuti ikhale malonda a iye yekha, ndipo inafalikira msanga. Cithunzi ca X-ray cionetsa mthunzi wa mtima, ngati wakula kopambana, ndiponso ngati m'mapapo mwalowa madzi. Koma zitseko sizioneka.

Ca m'ma 1903 Willem Einthoven wa ku Leiden anapanga makina olemba pa pepala mizere ya mphamvu ya magetsi imene igunditsa mtima, ndiyo ECG. Makina ace oyamba analemera pafupifupi makilogalamu 270, nafuna anthu asanu owayendetsa, ndipo wodwala anabviika manja ndi phazi m'ndowa za madzi amcere. Lero ECG inyamulika ndi dzanja limodzi. Siijambula mtima umene, koma inena za kagundidwe kace.

M'caka ca 1929 dotolo wacinyamata wa ku Germany, Werner Forssmann, analowetsa kapaipi koonda m'mtsempha wa pa mkono wace wa iye mwini, nakafikitsa ku mtima, nadzijambula ndi X-ray. Ndipo mu 1958 Mason Sones wa ku Cleveland, ku America, anaonetsa kuti nkotheka kuthira mankhwala oonekera pa X-ray m'mitsempha yodyetsa mtima, kuti paoneke pamene patsekeka. Kupima kumeneku achula angiogram.

Tsopano mverani za makina amene ali mutu wa phunziro lathu. Mudziwa kuti munthu akapfuula pansi pa phiri, phiri limyankha. Mleme nao uyenda mumdima pakumvera kubwerera kwa kulira kwace. M'caka ca 1953, ku Lund m'dziko la Sweden, dotolo Inge Edler ndi mnzace Hellmuth Hertz anabwereka makina kwa omanga zombo a ku Malmö, amene anali kufunira nao ming'alu m'citsulo pakutumiza kulira kosamveka ndi khutu. Iwo anawaika pa cifuwa, naona makoma a mtima ali kuyenda. Ici ndico ciyambi ca echo. Echo siipweteka, siilasa, iribe kuwala kwa X-ray; ndipo ionetsa zitseko ziri kutseguka ndi kutseka, ndi mnofu uli kufinya, wodwala ali cigonere pa kama.

Pambuyo pace panadza makina akuru awiri. A CT azunguliza X-ray pa thupi, ndipo kompyuta isonkhanitsa zithunzi zonga timapande ta nthoci yodulidwa. Wodwala woyamba anajambulidwa ku London mu 1971 ndi makina a Godfrey Hounsfield. Ndipo masamu ace anawayamba Allan Cormack, wobadwira ku Johannesburg, pamene anali ku Cape Town. Awiriwa analandira mphotho ya Nobel mu 1979. Makina oyambawo anajambula mutu wokha, pakuti mtima sukhala cete. Koma a masiku ano ali ndi liwiro lakuti ajambula ndi mitsempha ya mtima yomwe. Enawo ndiwo a MRI, amene agwira nchito ndi maginito amphamvu ndithu, naonetsa zipsera za m'mnofu wa mtima.

3. Ogulitsa ndi ogula

Makampani amene agwira mbali yaikuru ya msikawu ali owerengeka: GE HealthCare ya ku America, imene inapatuka kwa General Electric mu 2023, Siemens Healthineers ya ku Germany, Philips ya ku Netherlands, ndi Canon Medical ya ku Japan, imene inali ya Toshiba kufikira 2016. M'zaka zapitazi alowanso a ku China, monga Mindray ya ku Shenzhen ndi United Imaging ya ku Shanghai, amene apikisana ndi anzao pakucepsa mtengo.

Nanga acepa cifukwa ninji? Cifukwa kupanga makina otere kufuna zaka zambiri za kufufuza, ndi cilolezo ca maboma cotsimikiza kuti sapweteka munthu, ndiponso amisiri okonza m'dziko liri lonse kumene agulitsidwa. Wosauka sangayambe malonda otere. Ndipo mudziwa nokha kuti pa msika pakakhala ogulitsa mcere awiri okha, mtengo wa mcere sutsika msanga.

Tsono wamalonda apita kumene kuli ndalama. Ku America, ku Europe ndi ku Japan anthu akhala zaka zambiri, nthenda ya mitsempha yotsekeka icuruka, ndipo boma kapena inshuwalansi ilipira cithunzi ciri conse. Cotero makampani apikisana kupanga CT yofulumira koposa ndi MRI yoona bwino koposa, pakuti ogula alipo. MRI yatsopano kawirikawiri ipitirira madola 1,000,000. Kumenekonso kuli bvuto lace: kumene cipatala cilandira ndalama pa cithunzi ciri conse, pali ciyeso ca kujambula ndi munthu wosasowa kujambulidwa, ndipo CT ndi angiogram ziri ndi kuwala kwa X-ray, kumene sikuyenera kucuruka m'thupi popanda cifukwa. Kwina zithunzi zicuruka koposa muyeso, kwina munthu afa wosajambulidwa ndi kamodzi komwe.

4. Mtengo wobisika

Akuru anati, walira mvula walira matope. Ali yense amene anaona cigayo pamudzi adziwa kuti kucigula ndiko kuyamba cabe: cifuna mafuta kapena magetsi, malamba, sefa, ndi mmisiri, ndipo pakasowa kacitsulo kamodzi, amai ayenda ndi matumba ao kunka kwina. Makina a cipatala ali momwemo, koma koposa.

CT ifuna magetsi osazimazima ndi cipinda cozizira. Ndipo cipangizo cace coturutsa X-ray cimatha, nicifuna cina ca mtengo wapatali. Wogula alipiranso caka ndi caka pangano lakuti kampani idzatuma mmisiri. MRI ya masiku onse isunga maginito ace m'madzi a mpweya wochedwa helium, pafupifupi malita 1,500, ozizira madigiri 269 pansi pa kuzizira kumene madzi aumira; ndipo helium aipeza m'maiko owerengeka okha, monga America, Qatar, Algeria ndi Russia.

Mankhwala aja oonekera pa X-ray nao apangidwa m'mafakitale ocepa. M'caka ca 2022, pamene mzinda wa Shanghai unatsekedwa cifukwa ca mliri wa COVID-19, fakitale yaikuru ya mankhwalawa inaima, ndipo zipatala za ku America zomwe zinacedwetsa kujambula odwala kwa masabata ambiri. Palinso kupima kwina kumene abaya wodwala mankhwala a technetium, kuti aone mbali za mtima zimene mwazi sufikako bwino. Mankhwalawa ataya theka la mphamvu yace pa maora 6 ali onse, kotero sasungika m'nkhokwe. Ndipo cinthu cimene acokerako cipangidwa m'malo owerengeka pa dziko lonse, amodzi a iwo ndiwo a SAFARI-1 ku Pelindaba, pafupi ndi Pretoria.

Cotsiriza, ndipo cacikuru, ndiye munthu. Cithunzi sicilankhula cokha. Cifuna wocijambula ndi wociwerenga, ndipo kuphunzitsa iwo kutenga zaka. Mu 2011 ophunzira a ku Duke University anawerenga zipangizo za m'zipatala zoposa 100,000 m'maiko 16 osauka, napeza kuti pafupifupi 38 pa 100 ziri zonse sizinali kugwira nchito, makamaka cifukwa ca kusowa ophunzitsidwa, okonza ndi zitsulo zosinthira. Kuno ku Malawi, MRI yoyamba inafika ku cipatala ca Queen Elizabeth ku Blantyre mu 2008, ndi cithandizo ca abwenzi a ku America, ndipo colinga cace cacikuru cinali kufufuza malungo a mu ubongo mwa ana. Izi zitiphunzitsa kuti makina akuru afika mocedwa ku dziko losauka, ndipo afika m'mizinda yaikuru yokha.

5. Nthenda imene msika unaiiwala

Kodi tsono titaye mtima? Iai. Kumbukirani nthenda yacitatu ija, ya zitseko. Pali mtundu wace wina umene unacepa kwambiri ku maiko olemera, koma ukali wocuruka mu Africa. Madotolo auchula rheumatic heart disease. Uyamba ndi kanthu kakang'ono. Mwana, makamaka wa zaka 5 kufikira 15, adwala zilonda za pakhosi zodza ndi tizirombo tina. Akapanda kulandira mankhwala, patapita masabata awiri kapena atatu thupi lace, pofuna kupha tizirombo tija, lilakwa ndi kukantha ziwalo zace zomwe: mfundo za miyendo ndi manja zitupa ndi kupweteka, lero bondo, mawa cigongono, ndipo zitseko za mtima zipsa. Mfundo zicira, koma citseko citsala ndi cipsera. Ndipo nthenda ikabwereza, cipsera cikula. Mwana aoneka wamphamvu, athamanga ndi anzace. Cikomekome ca nkuyu, m'kati muli nyerere. Patapita zaka ayamba kubanika, miyendo itupa, sagona cagada. Ndipo kwa mtsikana bvuto lioneka kawirikawiri pa nthawi ya pakati, pamene mtima usenza katundu wa anthu awiri. Mu 2019 anthu pafupifupi mamiliyoni 40 anali nayo nthendayi pa dziko lonse, ndipo imapha pafupifupi 300,000 caka ndi caka.

Nthendayi siifuna CT, siifuna MRI. Ifuna echo. Taonani umboni wace. Pa kufufuza kumene kunalengezedwa mu 2007, madotolo anapima ana a sukulu 2,170 ku Maputo, m'dziko la Mozambique. Poyamba ndi khutu anapeza ana 5 odwala; koma atapima onse ndi echo anapeza 66. Pa kufufuza kwina kwa m'boma la Lilongwe, kolengezedwa mu 2016, mwa ana 1,450 opimidwa ndi echo, pafupifupi 34 pa 1,000 ali onse anaoneka ndi zizindikiro za nthendayi isanadziulule.

Nanga kuipeza msanga kupindulanji? Ku Uganda anatsata ana otere zaka ziwiri, ndipo zotsatira zace zinamveka mu 2021. Ena analandira jekeseni ya penicillin masabata anai ali onse, ena sanalandira. Mwa olandira, nthenda inakula mwa wosakwana mmodzi pa 100. Mwa osalandira, inakula mwa oposa 8 pa 100. Penicillin ndiwo mankhwala akale ndi ocepa mtengo; koma kusintha citseko coonongeka kufuna opaleshoni yaikuru, imene ambiri a kuno aifikira pokhapokha atatumizidwa kunja.

Apa ndi pamene msika wayamba kutembenukira kwa ife. Echo yaikuru ya m'cipatala ikhoza kupitirira madola 100,000. Koma kuyambira ca m'ma 2010 makampani anayamba kupanga echo ya m'manja, monga Vscan ya GE ndi Lumify ya Philips. Ndipo mu 2018 kampani ya Butterfly Network inayamba kugulitsa yace pa mtengo wosakwana madola 2,000, yolumikiza ku lamya ya m'manja. Echo yotere ilowa m'cikwama, iyenda pa njinga, ndipo igwira nchito ndi batire. Mu 2020 boma la America linaloleza pulogalamu ya kompyuta imene itsogolera dzanja la namwino, nimuuza kumene asunthire kacipangizoko kuti cithunzi cioneke bwino.

Komatu tisanyengedwe. Echo ya m'manja siona zonse zimene yaikuru iona, ndipo mwana wokayikitsa ayenera kupimidwanso ndi katswiri. Makampani ena agulitsa kacipangizo mocepa, koma afuna ndalama caka ndi caka kuti pulogalamu yace igwirebe nchito. Ndipo kupeza nthenda kuli cabe ngati penicillin palibe pa cipatala ca pafupi mwezi ndi mwezi.

6. Zimene tiyenera kucita

Coyamba ciri kwa makolo. Mwana akadandaula pakhosi, ndi thupi lotentha, musanene kuti cidzatha cokha. Pitani naye ku cipatala, ndipo mankhwala amene alandira awamalize onse. Akatupa mfundo zosinthasintha, kapena akabanika msanga koposa anzace, muuzeni dotolo zonse, ndi kufunsa ngati mtima wace suyenera kupimidwa ndi echo, ndi kumene ingapezeke. Safunsa anadya phula.

Caciwiri ciri kwa iwo amene anauzidwa kale kuti citseko cao ciri ndi cipsera. Musalumphe tsiku la jekeseni, ngakhale mudzimva amphamvu, pakuti mankhwalawa alandiridwa zaka zambiri. Ndipo mai wotere akaima, anene za mtima wace pa sikelo tsiku loyamba lomwe.

Cacitatu ciri kwa akuru. Kuthamanga kwa mwazi kupimidwa ndi kalamba ka pa mkono, kamene kali pafupi pa cipatala ciri conse. Wopimitsa kawirikawiri, wocepsa mcere, wosiya fodya, ndi womwa mankhwala ace mokhulupirika, acepsa masiku akusowa makina a mtengo wapatali aja.

Cacinai ciri kwa iwo okhala m'makomiti a zaumoyo ndi a zipatala. Munthu akadza ndi mphatso ya makina, kapena wamalonda akadza ndi mau okoma, mumyamike, koma mumfunse zinai izi: Makinawa apenya nthenda iti, ndipo kodi nthendayo ndiyo icuruka kwathu? Adzawagwiritsa ndani, ndipo anaphunzira kuti? Akafa adzawakonza ndani, ndi ndalama za yani? Ndipo nthenda ikaoneka, mankhwala ace alipo kodi? Makina ocepa mtengo amene agwira nchito tsiku ndi tsiku apulumutsa ana ambiri koposa makina aulemu amene agona m'cipinda cokhoma, ophimbidwa ndi nsaru.

Mafunso a pa phunziroli

1. Chulani magawo atatu a nthenda za mtima.
2. Kodi echo isiyana bwanji ndi X-ray?
3. Cifukwa ninji makampani opanga makinawa ayamba kuganizira maiko olemera?
4. Fotokozani zinthu zitatu zimene zilipiridwa makina atagulidwa kale.
5. Ku Maputo, khutu linapeza ana angati, ndipo echo inapeza angati?
6. Mwana wa mnansi wanu wadwala pakhosi masiku atatu, ndipo thupi lace latentha. Mudzawauza ciani makolo ace?

Iwo odziwa kuwerenga awerengere anzao phunziroli madzulo, makamaka gawo lacisanu ndi lacisanu ndi cimodzi, kuti amai onse a m'mudzi amve.